BAMBO JOÃO DE DEUS KAMTEDZA, MBUSA WOSATHAWA NKHOSA ZAKE

Akatekumeni okondedwa, pophunzira katekisimu mumamva maina a anthu oyera a ku Roma, a ku Espanha ndi a ku Uganda, ndipo kapena wina mwa inu amaganiza kuti kuyera mtima ndi mbeu ya maiko akutali, yosamera m'dothi la Angónia. Mbiri ili pano ikutsutsa maganizo otero. Ndi mbiri ya munthu wobadwira m'mapiri athu omwe ano, wolankhula cinenero cathu, amene adatumikira Mulungu pakati pa abale ake mpaka kukhetsa mwazi wake pa Chapotera m'caka ca 1985. Muwerenge mofatsa, ndipo wosadziwa kuwerenga amvetsere kwa mnzake, pakuti nkhaniyi ikukhudza ubatizo umene mukuupempha.

1. Kubadwa kwake ndi dzina lake

João de Deus Gonçalves Kamtedza adabadwa pa 8 Março 1930 ku dera la Tsangano, pa citunda cozizira ca Angoni ndi Acewa, dziko la ng'ombe, cimanga, tirigu ndi mbatata ya kacewere. Tsiku la 8 Março ndilo limene Eklezia amakumbukira João de Deus Woyera, munthu wa ku Portugal, amene ankatola odwala ndi amphawi m'miseu ya mzinda wa Granada, nawasenza kupita nao ku nyumba imene adawakonzera, mpaka adamwalira mu mzinda momwemo pa 8 Março 1550. Motero mwana wa ku Tsangano adachedwa dzina la woyera wa tsiku la kubadwa kwake, ndipo moyo wake sudalicititse manyazi dzinalo. Inunso posankha dzina la ubatizo, musayang'ane kukoma kwake m'makutu kokha. Funsani aphunzitsi anu zimene mwini dzinalo adacita, cifukwa mukusankha nkhoswe yokupemphererani ndiponso citsanzo coti mucitsate.

Pamene iye ankabadwa, ansembe a Cipani ca Yezu, amene timawachula Ajezuiti, kunalibe kuno. Iwo ndiwo adayambitsa Misioni ya Francisco Xavier Woyera ku Lifidzi, koma lamulo la boma la Apwitikizi la m'caka ca 1910 lidawapirikitsa. Adabwerera ku Lifidzi m'caka ca 1941, João ali mnyamata wa zaka 11. Patapita zaka khumi, pa 1 Setembro 1951, mnyamatayo adalowa cipani cao ku Portugal.

2. Zaka za kuphunzira

Njira ya Mjezuiti yopita ku unsembe ndi yaitali. Amayamba ndi zaka ziwiri za kuyesedwa, m'mene amaphunzira kupemphera, kumvera ndi kugwira nchito zonyozeka za pakhomo. Pambuyo pake amalumbira malumbiro atatu: umphawi, kusakwatira ndi kumvera. Akatero amaphunzira nzeru za anthu, ndipo potsiriza nzeru za Mulungu. João adaphunzira zoyambazo ku Braga, m'dziko la Portugal, ndi zotsirizazo ku Espanha. Kuyambira tsiku lolowa cipani mpaka tsiku lodzozedwa zidapita zaka 13, zambiri mwa izo ali kutali ndi kwao, pakati pa anthu a cinenero cina ndi miyambo ina. Inu amene mumadandaula kuti zaka za ukatekumeni zatalika, ganizirani zaka 13 zimenezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ignacio Woyera wa ku Loyola, amene cipani cake cidabvomerezedwa ndi Papa m'caka ca 1540, adasiyira ana ake mwambo umene ungathandize mkristu ali yense, ngakhale wosadziwa kulemba dzina lake. Tsiku ndi tsiku Mjezuiti amakhala cete kanthawi pang'ono nadzifunsa pamaso pa Mulungu zabwino zimene walandira, zoipa zimene wacita, ndi zimene ayenera kukonza mawa. Ignacio ankaphunzitsanso kuti Mulungu tiyenera kumfuna m'zinthu zonse, osati m'chalichi mokha ai, komanso pa nchito, pa ulendo ndi pa kuceza. Umu ndi m'mene João adaleredwera.

3. Wansembe pakati pa abale ake

Pa 15 Agosto 1964, tsiku la Kutengedwa Kumwamba kwa Maria Virigo Woyera, João adadzozedwa unsembe ku Lifidzi, pamaso pa anthu a mtundu wake, ali ndi zaka 34. Diocese ya Tete inali idakali yanthete, pakuti idakhazikitsidwa m'caka ca 1962. Patangopita miyezi iwiri, pa 18 Outubro 1964, Papa Paulo VI adalengeza ku Roma kuti Amaritiri 22 a ku Uganda ndi oyera. Pakati pao panali Karoli Lwanga, amene adabatiza akatekumeni ake usiku asanagwidwe, ndi Kizito, mnyamata wamng'ono, m'modzi wa obatizidwa usiku umenewo. Palibe adadziwa pa nthawiyo kuti wansembe watsopano wa ku Lifidzi adzayenda njira yomweyo.

Zaka zimenezo zinalinso za Msonkhano Waukulu wa Aepiskopi onse ku Vatikano, kuyambira 1962 mpaka 1965, umene udatsegula khomo kuti Misa ndi masakramenti zizicitika m'zinenero za anthu, osati m'Cilatini cokha. Koma boma la atsamunda linkafuna kuti mwana wa sukulu aphunzire Cipwitikizi, ndipo ambiri ophunzira ankacita manyazi ndi cinenero ca amai ao. Bambo Kamtedza, amene ankadziwa bwino zinenero za Azungu, sadacite manyazi otero. Ajezuiti a ku Angónia adasindikiza ku Lisboa buku lomasulira mau a Cinyanja m'Cipwitikizi m'caka ca 1963, ndi buku la malamulo a cinenero ca Cinyanja m'caka ca 1964, ndipo dzina la Bambo Kamtedza limachulidwa pa nchito ya buku laciwirili. Iwo adazindikira kuti mau a Mulungu amalowa bwino mumtima akadzera pa khomo la cinenero cimene munthu adayamwira.

Amene adawadziwa amacitira umboni kuti anali munthu wanzeru, wansangala, wokonda kuceza ndi anthu, wopanda mantha, wolemekeza miyambo yabwino ya makolo. Zaka 21 za unsembe wao zidathera pa nchito zimene sizimveka kutali: kupereka Misa, kumvera akristu pa Kulapa, kuphunzitsa, kudalitsa maukwati, kudzoza odwala ndi kuika maliro. Muzindikire bwino cimeneci. Usiku umodzi wa imfa yao udakonzedwa ndi masiku zikwi ndi zikwi a kukhulupirika pa zazing'ono.

4. Masiku a mayeso

Dziko la Moçambique lidalandira ufulu pa 25 Junho 1975, ndipo anthu adakondwera, pakuti goli la cibalo ndi la palmatória lidathyoka. Koma pa 24 Julho caka comweco boma latsopano lidatenga masukulu ndi zipatala zonse, kuphatikiza za mamisioni. M'zaka zotsatira, atsogoleri ankaphunzitsa kuti cipembedzo ndi cinthu cobwezera anthu m'mbuyo. Machalichi ambiri adatsekedwa, ansembe ambiri ocokera kunja adabwerera kwao, ndipo otsala sankaloledwa kuyenda momasuka. Ku Lifidzi nakonso ansembe adaturutsidwa m'nyumba zao.

Eklezia sadagwe mphwayi. M'mwezi wa Setembro 1977 aepiskopi, ansembe, asisteri ndi akristu eni ake adasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti mpingo uyenera kuima pa miphakati ya m'midzi, imene ambiri amaichula makomunidade. M'mphakati uli wonse akristu agawane maudindo: wina wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wina wophunzitsa akatekumeni, wina woyendera odwala, wina woyang'anira maliro, wina woyanjanitsa mabanja. Mutu umodzi susenza denga. Nyumba za njerwa zikhoza kulandidwa, koma mpingo wokhala m'mitima ndi m'makomo a anthu palibe angautseke ndi loko. Mphakati umene ukukuphunzitsani lero ndi cipatso ca nzeru imeneyo.

Pamwamba pa mabvuto amenewa padadza nkhondo ya pacibale, pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Itafika ku Angónia, munthu wa kumudzi adakhala ngati njere ya cimanga pakati pa mtondo ndi munsi. Akapatsa cakudya a mbali ina, a mbali inzake ankamuyesa mdani. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zidalandidwa, anthu adagwidwa ndi kuphedwa popanda kuweruza mlandu. Ambiri adaoloka malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo nkhondo isanathe othawira ku Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi.

5. Pa Chapotera

Ataturutsidwa ku Lifidzi, Ajezuiti adakhazikika pa Chapotera, kufupi ndi misioni yao yakale, m'nyumba yosauka pakati pa anthu. Kumeneko ndiko Bambo Kamtedza adathera zaka zao zotsiriza. M'caka ca 1985 adalandira mnzao wa pa nchito, Bambo Sílvio Alves Moreira, wobadwa pa 16 Abril 1941 ku Rio Meão, m'dziko la Portugal, amene adalowa Cipani ca Yezu m'caka ca 1957, nadzozedwa unsembe m'caka ca 1972. Iwo adatumikirapo ku seminario ya Zóbuè ndi mu mzinda wa Tete. Onani cizindikiro ca Eklezia Katolika: mwana wa dziko lolamulidwa ndi mwana wa dziko lolamula, wakuda ndi woyera, kudya mbale imodzi, kupemphera pamodzi ndi kutumikira nkhosa zomwezo.

Ansembe awiriwa ankayendera miphakati, kulimbitsa akatekista, kupereka masakramenti ndi kutonthoza amasiye. Cifukwa ca maulendo amenewa ankadziwa zimene zinkacitikira anthu a m'midzi, ndipo sadatseke pakamwa. Adadzudzula nkhanza ndi kuphana, nateteza anthu osalakwa. Mboni yotere siikondweretsa munthu wocita zoipa mumdima.

Malire a Malawi sali patali ndi Chapotera. Akadafuna, akadaoloka monga adacitira anthu ambiri, ndipo palibe akadawanena, pakuti kuthawa nkhondo si kucimwa: Yosefe Woyera yemwe adathawitsira Mwana Yezu ku Ejipito. Koma udindo wa mbusa ndi wina. Pa mutu 10 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yoane, Ambuye amasiyanitsa mbusa weniweni ndi munthu waganyu: cirombo cikafika, waganyu amadzipulumutsa yekha cifukwa nkhosazo si zake, koma mwini nkhosa amaima pakati pa cirombo ndi khola. Okalamba, odwala ndi amai a ana ang'ono amene sakadatha kuthawa anali adakali m'midzi. Ansembewo adakhala nao.

6. Usiku wa pa 30 Outubro 1985

Usiku wa pa 30 Outubro 1985 anthu onyamula zida adafika pa nyumba ya ansembe pa Chapotera, nawaturutsa onse awiri, napita nao kuthengo, nawapha. Bambo Kamtedza anali ndi zaka 55, Bambo Sílvio zaka 44. Cifukwa ca kuopsa kwa masiku amenewo, padapita masiku angapo mitembo yao isanatengedwe, ndipo pambuyo pake idaikidwa m'manda ku Ulongwe.

Amene adawapha ankayesa kuti atseka pakamwa pa Eklezia. Koma m'midzi ya Angónia ndi m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi akristu adapitiriza kusonkhana pa Lamulungu, kuphunzitsa akatekumeni ndi kuika akufa ao mwacikristu. Nkhondo idatha ndi cipangano ca mtendere cimene cidasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo m'modzi wa ankhoswe ake anali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Anthu atabwerera kumabwinja ao, adamanganso nyumba zopemphereramo, ndipo maina a ansembe awiri aja sadaiwalike.

M'caka ca 2021 Ambuye Diamantino Antunes, Episkopi wa Tete, adatsegula mlandu wofufuza moyo ndi imfa ya ansembewa. Mboni zidafunsidwa molumbira, makalata adasonkhanitsidwa, ndipo m'caka ca 2023 nchito ya mu diocese idatsekedwa, zonse zidatumizidwa ku Roma. Munthu amene mlandu wake watsegulidwa motere amachedwa Mtumiki wa Mulungu. Kulengeza kuti munthu ndi maritiri, wodala kapena woyera, ndi udindo wa Papa yekha, ndipo mkristu womvera satsogolera Eklezia pa ciweruzo cimeneci. Koma kutsanzira citsanzo cabwino sikudikira cilolezo ca munthu.

7. Phunziro kwa ife

Liu lakuti maritiri ndi la Cigriki, ndipo litanthauza mboni. Ambiri a ife Mulungu sadzatipempha umboni wa mwazi, koma tonse amatipempha umboni wa tsiku ndi tsiku. Munthu amene amanama pa mtengo wa nkhuku sangaime pa coonadi pamaso pa mfuti. Tsono tiyeni tione m'mene umboniwo umaperekedwera.

Poyamba, pa pemphero. Podzuka lembani cizindikiro ca mtanda ndi kupereka tsikulo kwa Mulungu musanagwire khasu. Madzulo, banja litadya, pempherani pamodzi, ndipo ali yense adzifunse mumtima monga ankacitira Bambo Kamtedza potsata mwambo wa cipani cao: Mulungu wandipatsa ciani lero, ndamlakwira pati, ndikonze ciani mawa.

Kaciwiri, m'munda ndi pa msika. Mkristu sasuntha malire a munda wa mkazi wamasiye, ngakhale mzere umodzi. Ng'ombe zake zikadya mmera wa mnzake, amabvomera nalipira, osadikira kuti amkokere kwa amfumu. Pogulitsa mbatata saika zazikulu pamwamba ndi zoola pansi pa thumba, ndipo poyeza cimanga sagwiritsa nchito ndowa yophwanyira m'kati. Waganyu wake amamlipira monga adapangana, pa tsiku lake.

Kacitatu, pa lilime. M'nthawi ya nkhondo anthu ena adafa cifukwa mnansi wao adawanenera bodza kwa a mfuti, mwina pa nsanje ya ng'ombe kapena ya munda. Mfuti zidatonthola, koma lilime likadali ndi mphamvu yakupha. Mwana akamwalira m'mudzi, anthu nayamba kuloza nkhalamba kuti ndi mfiti, pamenepo ndi pa Chapotera panu. Kodi mudzakhala cete cifukwa coopa abale, kapena mudzaima ndi wosalakwayo? Lamulo la cisanu ndi citatu limaletsa umboni wonama, ndipo kukhala cete pamene mnzako akuonongedwa ndi bodza ndiko kuthandiza bodzalo.

Kacinai, m'banja. Bambo amene amathera ndalama za mbatata ku kacasu, ana alibe zobvala ndi makope a kusukulu, wathawa nkhosa zake monga waganyu uja. Comweconso amene amamenya mkazi wake, kapena kupita ku nchito kutali naiwala a kunyumba. Banja ndilo khola loyamba limene Mulungu amaikiza kwa munthu, ndipo adzafunsa makolo za mwana ali yense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe.

Kacisanu, pa odwala ndi pa maliro. Kutungira madzi gogo wosayenda, kutolera nkhuni mai wodwala, kuperekeza mnansi ku cipatala, kukumba nao manda a munthu wopanda abale: izi ndizo nchito za João de Deus Woyera, ndipo sizifuna maphunziro a ku Braga. Pa mutu 25 wa Mateyo, Ambuye amatiphunzitsa kuti pa tsiku la ciweruzo adzaziwerenga ngati zocitira Iwo eni.

Kacisanu ndi cimodzi, pa Lamulungu. Wansembe akapanda kufika, si cifukwa cakuti mupite kumunda kapena kumowa. Makolo anu ankasonkhana pansi pa mtengo, makutu ali kunjira poopa asilikali. Inu amene mukukhala pa mtendere mudzapereka cifukwa canji?

Potsiriza, pa kukhululuka. M'midzi yathu ana ndi adzukulu a anthu amene anali mbali ziwiri za nkhondo amatunga pa citsime cimodzi. Eklezia pokumbukira ansembe a pa Chapotera safuna kudzutsa cidani kapena kulipsira. Coonadi cinenedwe, koma mtima usasunge mangawa, pakuti tsiku liri lonse timapempha Atate kuti atikhululukire ndi muyeso womwewo umene ife tikhululukira nao anzathu.

Akatekumeni okondedwa, pa tsiku la ubatizo wansembe adzakufunsani ngati mukukana Satana ndi nchito zake, ndiponso ngati mukukhulupirira Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Kuyankha ndi pakamwa n'kosabvuta. Bambo Kamtedza adayankha ndi zaka za kuphunzira modekha, ndi maulendo a m'midzi, ndi mau oteteza osauka, ndipo potsiriza ndi mwazi wao. Yambani lero kuyankha ndi nchito zanu, kuti madzi a ubatizo adzagwere pa nthaka yolimidwa kale.

Mafunso

1. Kodi Bambo Kamtedza adabadwira kuti, ndipo adadzozedwa unsembe liti ndi kuti?
2. Kodi msonkhano wa ku Beira wa 1977 udagwirizana zotani, ndipo maudindo amenewo ali ndi yani mu mphakati wanu?
3. Cifukwa ninji ansembe awiriwa sadaoloke malire, ngakhale kuthawa nkhondo si kucimwa?
4. Kodi liu lakuti maritiri litanthauza ciani?
5. Pa njira zisanu ndi ziwiri za umboni zimene zachulidwa, ndi iti imene ikukubvutani koposa, ndipo mudzacitapo ciani sabata ino?

Tipemphere

Mulungu Atate athu, Inu mudapatsa atumiki anu João ndi Sílvio mtima wosasiya anthu anu pa nthawi ya mabvuto. Tipatseni ifenso, amene tikukonzekera ubatizo, mphamvu za Mzimu Woyera, kuti tikhale oona pa mau athu, olungama pa malonda athu, okhulupirika m'mabanja mwathu ndi acifundo kwa obvutika. Sungani dziko lathu pa mtendere, ndipo ngati kukukomerani, lolani kuti Eklezia wanu awawerengere pamodzi ndi odala anu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Yezu Kristu Ambuye athu. Amen.